Windo Laling'ono la Shehe Abdel-Gawad

Kompyuta ya mu ofesi ya Shehe Abdel-Gawad ili ndi galasi lalikulu, loti anthu khumi n'kuonerapo mpira osakankhana. Koma ukatsegula pulogalamu yolembera zikalata za ukwati, pankatuluka kawindo kakang'ono pakati penipeni, kofanana ndi envulopu. M'mbali monse munkangooneka nkhunda. Shehe anaikapo chithunzi cha nkhunda zawo za padenga, zoyera ndi zamawangamawanga, zitandanda pa thabwa.

Dzina langa ndi Enayat, koma kuno ku Damanhour aliyense amanditcha amake Shorouk. Ndinayamba kulembera Shehe chaka chatha. Iwo ndiwo amamangitsa maukwati a m'dera lathu lonse, ndipo ntchito yanga inali ya m'mawa wokhawokha: kulandira ziphaso za mkwati ndi mkwatibwi, kulemba mayina, manambala ndi kumene amakhala. Masana ndinkaweruka. Maukwati enieniwo ankachitika pambuyo pa pemphero la chakumadzulo, ine ndili kunyumba kwanga, choncho sindinaonepo mmene ankachitira.

Kawindo kameneko kanandikwana kuyambira tsiku loyamba. Mayina athu ndi aatali, dzina la munthu, la bambo ake, la agogo ake ndi la banja, ndiye m'kawindomo dzina linkathera pakati. Theka la fomu linkabisika kumunsi. Ndinkadina kabatani kokulitsira, windo n'kudzaza galasi lonse, ine n'kupuma. Ndikatsegula chikalata china, kawindo kaja kabwereranso. Kawiri, kasanu, ka makumi awiri pa tsiku. Chala changa chinafika pomadina chokha ndili m'tulo.

Ndinawapempha Shehe kuti tiitane Ustaz Ramsis, wokonza makompyuta amene shopu yake ili pafupi ndi ogulitsa madzi a nzimbe, adzakonze kuti windo lizitseguka lalikulu lokha. Anakana. Anati likakula liziphimba nkhunda zawo. Ndinati nkhundazo zili padenga, zamoyo, akazifuna akwere masitepe. Anati mawondo awo salola. Ndinapemphanso mwezi wotsatira, ndi wotsatiranso, yankho n'kukhala lomwelo, lonenedwa mofatsa uku akuvundula tiyi. Munthu wophunzira, woloweza buku lonse la Mulungu, koma pa nkhani ya kawindo mutu gwa. Ndinkakukuta mano n'kupitiriza kudina.

Zikanangokhala zanga zokha, bwenzi ndikupirirabe mpaka lero. Koma kunabwera ukwati wa mwana wanga.

Shorouk ndi mwana wanga mmodzi yekhayo. Bambo ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinamuphunzitsa ndi makina osokera mpaka anakhala namwino. Amagwira, kapena nditi ankagwira, mu wodi ya othyoka mafupa, ndipo ntchitoyo ankaikonda kuposa chakudya. Mnyamata womufunsira anali Tamer, mwana wa Haji Marzouk ogulitsa tirigu ndi mapira kumsika. Tamer ndi munthu waulemu, sindinganame, koma ndi wofewa kwambiri, ndipo pamaso pa bambo ake mawu amamuthawa. Haji anali atawamangira kale nyumba pamwamba pa nyumba yawo, monga anachitira ndi ana awo ena awiri. Apongozi awo awiri oyambawo palibe amene amagwira ntchito. Haji ankanena poyera kuti mkazi wa m'banja mwawo sangamagwire matupi a amuna achilendo.

Pa chikalata cha ukwati pali kabokosi, kumunsi kwenikweni, kolembamo zofuna za mkwatibwi. Cholembedwa mmenemo mwamuna sangachikane, ngakhale ku khoti. Chongonena pakamwa, mawa lake munthu amati sakukumbukira. Shorouk ndi Tamer anagwirizana kuti mulembedwe kuti Shorouk apitiriza ntchito yake. Tamer analonjeza kuti adzawauza bambo ake ukwati ukadutsa, zinthu zikazizira. Lachiwiri anapita awiriwo kwa Shehe, anatsekerana m'chipinda, anawauza zonse. Ukwati unali wa Lachinayi.

Kabokosi kameneko kanali m'gulu la zobisika kawindo kakakhala kakang'ono. Apa ndi pamene mutu wanga unayamba kuthamanga. Shehe amagula chakudya cha nkhunda zawo kwa Haji Marzouk. Lachisanu lililonse akatuluka mu mzikiti amakhala pamodzi kumwa tiyi. Ndinayamba kuona ngati nkhani ya nkhunda ija ndi bodza, kuti kawindoko n'kobisira atsikana kuti zofuna zawo sizinalembedwe. Mtsikana ali ndi manyazi, wadzipaka zopakapaka, anthu amuzinga, adinda chala pamene amuuza. Akadzazindikira, mwezi watha.

Lachitatu m'mawa ndinatsegula chikalata cha Shorouk, ndinakulitsa windo, ndipo kabokosi kaja kanali mbee, kopanda ndi chilembo chomwe. Ndinalowa m'chipinda cha Shehe osagogoda.

"Ndinamva zonse dzulo, amake Shorouk," anatero osatukula maso pa nyuzipepala. "Chimenecho ndimalemba ndekha, pa nthawi yanga."

"Nthawi yanu ndi iti, Shehe? Akadzabereka mwana wachitatu?"

"Mawa m'mawa. Pitani mukakonze za mkwatibwi, izi zisiyeni."

Ndinawauza kuti mwina ndikonze za mkwatibwi, koma kawindo kaja ndiye katha, sindingalole kuti mwana wanga adinde chala pa chinthu chimene sakuchiona. Anavula magalasi, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndisakhudze kanthu pa kompyutapo. Sananene chifukwa chake. Mukandiuza kuti ndisakhudze chinthu popanda chifukwa, dziwani kuti mwandituma.

Lachinayi masana ndinamusiya Shorouk ku saluni ndi anzake, ndinati ndikukatenga sharibati, chakumwa chotsekemera cha alendo. Ndinakwera tukutuku mpaka ku ofesi. Kiyi ndinali naye, ndipo ndinkadziwa kuti Shehe akapita ku pemphero la masana sabwerako mpaka nthawi ya ukwati. Ndinayatsa kompyuta, ndinatsegula chikalata, kawindo kaja n'kundilonjera monga mwa masiku onse. Ndinakulitsa. M'kabokosi muja munali mutalembedwa, bwino lomwe, kuposa mmene ndikanalembera ine: kuti mkwatibwi apitiriza ntchito yake ya unamwino ndipo mwamuna sadzamuletsa.

Munthu wanzeru akanathokoza Mulungu n'kuzimitsa kompyuta. Ine ayi. Mtima unali utapsa kale kwa chaka chathunthu, ndipo mtima wopsa sumva kuti zinthu zili bwino. Ndinati ngati alemba, akubisiranji? Cholembedwa m'mawa chingathe kufufutidwa madzulo, chala chimodzi chokha, palibe angaone. Ndinafuna kuti nthawi yosindikiza ikafika, ine nditakhala pa benchi ndiziona mawuwo ndi maso angawa. Za Haji Marzouk ndinaganiza kuti akhala kutsogolo kwa tebulo monga mlendo wolemekezeka, galasi lili cham'mbali, sangaone kanthu. Kunena zoona, sindinawaganizire kwenikweni.

Ustaz Ramsis ndinamupeza akudya buledi ndi nyemba pa kauntala, mafuta ali m'zala. Ndinamukoka mkono. Ananditcha apolisi, anati amake mkwatibwi amayenera kukhala akulira kunyumba, osati kugwira anthu pa nkhomaliro. Ndinamuuza kuti akapanda kunyamuka nyembazo ndimuthira m'kompyuta ya kasitomala. Ananyamuka akupukuta zala pa buluku.

Ntchito imene ndinaipempha chaka chonse inatha ndisanakhale pansi. Anadina kachizindikiro ka pulogalamuyo ndi batani la kumanja la mausi, anasankha mzere wakumunsi, kunatuluka kabokosi kena. Anandionetsa pamene palembedwa mmene windo liziyambira, anasinthapo kuti lizikhala lodzaza galasi, anadina kuvomereza. Kenako analowa m'pulogalamu mwenimwenimo n'kupeza kuti wina anachita kuiuza kuti chikalata chilichonse chizitseguka pa msinkhu waung'ono uja. Anachotsa chimenechonso. Anatseka, anatsegula, windo n'kudzaza galasi lonse lokha. Nkhunda zonse zii. Ndinamva kukoma mpaka m'mafupa.

Koma Ramsis sanaseke. Anakanda chibwano n'kunena kuti kawindo kaja sikanali kongochitika, wina anakayeza dala, mpaka pa mzere umene kankathera.

"Shehe akudziwa zimenezi, amake Shorouk?"

"Adziwa madzulo. Iwe ukabwere udzamwe sharibati, usiye mafunso."

Ndinazimitsa kompyuta, ndinakhoma chitseko, ndinabwerera ku saluni ndikuimba m'tukutuku.

Pemphero la chakumadzulo litatha tinadzaza mu ofesi muja. Amayi ambiri anatsala panja pa masitepe ndi mathireyi a sharibati, akudikira kuti aimbe nthungululu. M'kati munali Shorouk atavala diresi lake loyera la manja aatali, ine pambali pake pa benchi, mchimwene wanga Fathi amene ankaimira malemu bambo ake, Tamer, Haji Marzouk ndi amuna a kwawo asanu. Shehe analowa, analonjera aliyense, anakhala pa mpando wawo n'kuyatsa kompyuta.

Apa ndinaona chimene sindinkachidziwa. Amuna onse aja sanakhale pa mipando ya kutsogolo. Anazungulira tebulo n'kukaima kumbuyo kwa Shehe, makosi atatalika. Fathi anandinong'oneza kuti ndi mmene zimakhalira chibwerere kompyuta, bambo aliyense amafuna kuona ngati dzina lake ndi la agogo ake alilemba bwino. Haji anatulutsa magalasi m'thumba la mkanjo, anawapukuta, anawavala, n'kuika dzanja pa mpando wa Shehe. Ndinafuna kuimirira, koma ndikanati chiyani?

Shehe anadina. Windo linatseguka mmene ndinafunira chaka chonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, mbali ndi mbali. Fomu yonse inali poyera. Ndinaona dzanja la Shehe lili pa mausi, likufunafuna kochepetsera, koma munthu amene sanakulitsepo windo sadziwanso kochepetsera kwake. Anadina pena, kunatuluka tsiku la mwezi. Anadina pena, palibe chinasintha.

Haji anawerenga dzina lawo, anagwedeza mutu. Kenako maso awo anatsika. Amawerenga mokweza, pang'onopang'ono, monga amawerengera matumba a tirigu, ndipo anawerenga mzere wonsewo mpaka pa mawu akuti sadzamuletsa. Panja wina anaseka, osadziwa kanthu.

"Ichi n'chiyani, Shehe?" anafunsa Haji.

Shehe anayankha kuti imeneyo ndi nkhani ya awiri okwatiranawo, ndipo lamulo limawalola. Haji sanawayang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kumufunsa ngati ankadziwa. Tamer anati ankadziwa, koma mawu ake anatuluka ang'ono kwambiri moti anachita kumufunsanso. Haji sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Analankhula motsitsa, kuti iwo samanga nyumba yoti muzituluka mkazi m'mawa kupita kukasambitsa amuna a eni ake, ndipo kuti mzerewo ukakhalapo, kiyi wa nyumba ya pamwamba akhala m'thumba mwawo, shopu nayonso Tamer aiiwale. Chimene chinawapweteka kwambiri, anatero, n'chakuti anyozedwa pamaso pa abale awo, aliyense waona kuti mwana wawo anawazembera.

Ine ndinaphulika. Ndinanena zambiri, zina sindikuzikumbukira. Ndinawauza kuti tsiku limene adzathyoke mwendo adzafuna namwino, ndipo adzapemphera kuti akhale ngati mwana wanga. Ndinawauza za makina osokera ndi maso anga amene anathera pa singano. Fathi ankandikoka chovala, thukuta lili kamukamu, akundipempha kuti ndikhale pansi. Amuna a kwa Haji anayamba kung'ung'udza kuti onani amake, mwana wake adzakhala wotani. Mawu aliwonse amene ndinkatulutsa ankaumitsa Haji, ndinkaona ndithu, koma pakamwa panga sipanatsekeke mpaka Shorouk anandigwira bondo.

Shehe ananena kuti mzerewo palibe angaufufute koma mwini wake, mkwatibwi. Onse anatembenukira kwa Shorouk. Iye sanayang'ane wina aliyense koma Tamer. Anamuyang'ana nthawi yaitali, akudikira. Ndinkapemphera chamumtima kuti mnyamatayo atukule mutu kamodzi kokha pa moyo wake. Iye ankangoyang'ana nsapato zake zatsopano.

"Shorouk, chonde," anatero pomaliza. "Anthu ali panja. Tidzakambirana bwino kunyumba."

Ndinkaganiza kuti mwana wanga aimirira n'kutuluka, ndipo ndinali wokonzeka kutuluka naye mutu uli m'mwamba. Koma ine sindinkamukonda Tamer, iye ndiye ankamukonda, zaka zinayi. Katundu wake anali atakwezedwa kale m'nyumba ija, makapu ataikidwa m'kabati, ndipo Damanhour si mzinda woti mtsikana wothawa ukwati pa tsiku lake anthu n'kumuiwala.

"Fufutani, Shehe," anatero Shorouk.

Shehe anamufunsa ngati akunena mwa kufuna kwake. Anati inde. Anamufunsanso kachiwiri, kachitatu, mawu awo akutsikiratsikira, yankho n'kukhala lomwelo. Ndiye anafufuta ndi chala chimodzi, chilembo chimodzichimodzi, tonse tikuona bwinobwino pa galasi lalikulu lija. Anasindikiza chikalata. Fathi ndi Tamer anagwirana manja, Shehe anawaphimba ndi kansalu koyera, anawatsogolera mawu a pangano. Shorouk anasaina, anadinda chala. Wina anatsegula chitseko, nthungululu zinalowa m'chipindamo ngati madzi.

Anthu akutuluka kukamwa sharibati, ndinatsalira. Shehe anali chikhalire, akupukuta inki pa tebulo. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo ndinali nditakonza kale zoyankha. Sanakalipe. Anandiuza kuti chibwerere kompyutayo azibambo anayamba kuimirira kumbuyo kwawo, ndipo maukwati awiri anasokonezeka chifukwa cha kabokosi kameneko. Ndiye anapempha mphwawo kuti achepetse windo mpaka pa mzere wa mayina. Bambo akaona dzina lake lalembedwa bwino amakhutira, amabwerera pa mpando. Powerenga chikalata mokweza, Shehe amangoti ndi zina zimene awiriwa agwirizana, ndipo palibe amafunsa, chifukwa aliyense amakhala akuganiza za chakudya. Chikalata chikabwerako ku boma ndi chidindo, mwezi umakhala utatha. Bambo amakalipa masiku atatu m'nyumba mwake, popanda abale oonerera, kenako amaleka. Anatchula aphunzitsi awiri, wogulitsa mankhwala mmodzi ndi mtsikana wina amene akuphunzira ku Alexandria, onse odutsa pa kawindo kameneko.

"Bwanji simunandiuze, Shehe? Chaka chonse mukundiuza za nkhunda."

"Ndikanakuuzani, amake Shorouk, mukanasunga pakamwa?"

Ankanena zoona. Msika wonse ukanadziwa sabata isanathe, ndipo ndikanaunena monyadira. Ndinawakwiyira chifukwa chondibisira, ndinamukwiyira Tamer, ndinawakwiyira Haji, koma mkwiyo wonsewo unkangozungulira n'kubwerera pa ine. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire.

Panja anali akuimba ng'oma. Galimoto ya akwati inali itaima pa msewu, yomata maluwa a pepala, Tamer atatsegula chitseko akudikira. Shorouk ankapsompsonana ndi azakhali ake, akumwetulira monga mkwatibwi amayenera kuchitira. Atafika pa ine anandikumbatira, pang'ono chabe. Ndinayamba kumuuza kuti ndinachita zimenezi chifukwa cha iye, kuti ndinkaopa kuti amubera, koma anandidula. Anati akudziwa, Ramsis wamuuza kale pa masitepe. Sananene mokwiya, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Anatsegula kachikwama kake koyera, anatulutsa kanthu n'kundifumbatitsa. Linali baji lake la kuchipatala, la chithunzi chake atavala yunifolomu, ndi kakiyi ka kabati yake kolendewera pa chingwe. Anali atabwera nazo ku ukwati, chifukwa tchuthi chake chinali cha sabata imodzi yokha.

"Mukawapatse a sisitala oyang'anira wodi yathu Loweruka," anatero. "M'kabatimo muli nsapato zanga ndi kapu, mukatenge. Ine sindingathe kukawayang'ana m'maso, amayi. Inu mumatha kulankhula."

Analowa m'galimoto, Tamer anatseka chitseko, ndipo amayi anandizinga akundiuza kuti ndiimbe nthungululu, mwana wanga wakwatiwa m'banja labwino.